Kakapu kosadzaza ka ku Foshan: kodi tiyi amatanthauzanji kwa anthu a ku China?

WageniWaKuLimbe
Ndili ndi funso kwa inu amene munakhalako ku China kapena amene mumagwira ntchito ndi anthu a kumeneko. Mwezi wathawu ndinapita ku Foshan, mzinda woyandikana ndi Guangzhou, kukaoda matailosi, ndipo unali ulendo wanga woyamba. Nditafika pa fakitale ina, mwini wake sanathamangire kundionetsa katundu. Anandikhazika pa tebulo lathabwa lokhala ndi timabowo totulukira madzi, iye n'kuyamba kutereka ketulo. Anaika masamba ambiri m'katipoti kadothi kosaposa chibakera changa, anathiramo madzi otentha, kenaka madzi oyambawo anawataya ine ndikuona. Ataviika kachiwiri anandithirira m'kakapu kongokwana kumeza kawiri, ndipo ngakhale kakapu komweko sanakadzaze. Munalibe shuga, munalibe mkaka, panalibenso ngakhale kachidutswa ka buledi. Tinakhala choncho pafupifupi ola lathunthu, iye akundifunsa za mvula ya kwathu ndi za ana anga kudzera mwa womasulira, ine mtima uli pa mitengo ya matailosi. Pomaliza ndinatopa n'kunena kuti sindinabwerere tiyi, ndipo ndinaona nkhope ya womasulira itagwa. Malonda tinachita ndithu, koma mozizira. Kwathu mlendo timamupatsa kapu yodzaza mpaka m'milomo. Kodi kumeneku kunali kuumira, kapena ine ndi amene ndinalakwa?

Kadziwotche
Achimwene, safunsa anadya phula. Mukanafunsa musanakwere ndege, osati mutabwerako.

WophunziraWaKuXiamen
Bambo WageniWaKuLimbe, zimene mwafotokozazi ndi ulemu waukulu ndithu, ngakhale kuti m'maso mwa munthu wa kwathu zimaoneka ngati masewera a ana. Ndakhala ku Xiamen, m'chigawo cha Fujian, zaka zinayi tsopano, ndipo kuno pafupifupi sitolo iliyonse, ngakhale ya wokonza njinga zamoto, ili ndi katebulo ka tiyi pakona. Kapangidwe kamene munaonako kamatchedwa gongfu cha, kutanthauza tiyi wopangidwa mwaluso ndiponso modekha, ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Chaozhou, kum'mawa kwa chigawo cha Guangdong, komanso kuno ku Fujian. Masamba amakhala ambiri, madzi ochepa, choncho amaviika kwa masekondi owerengeka okha n'kumabwereza kasanu kapena kasanu ndi kawiri, nthawi zina kuposa apo, ndipo ulendo uliwonse kakomedwe kamasintha. Madzi oyamba aja ntchito yake ndi kutsuka masamba, kuwadzutsa kuti afutukuke, ndi kutenthetsa makapu. Akanakupatsani madzi amenewo ndiye chikanakhala chipongwe.

Za kusadzaza kapu, iwo ali ndi mawu akuti mowa wodzaza kapu umalemekeza mlendo, koma tiyi wodzaza kapu amamunyoza. Chifukwa chake n'chapafupi: timakapu tawo tilibe chogwirira, ndiye ukadzaza, mlendo apsa zala ndipo achita manyazi. Amathira magawo 7 mwa magawo 10, ndipo amati magawo atatu otsalawo ndi malo a ubale. Onaninso kuti bwanayo anakupangirani tiyi ndi manja ake, pamene ali ndi antchito ambirimbiri oti akanawatuma. Ola limene inu munaliona ngati lotayika lija linali mbali ya malondawo, pakuti munthu wamkulu uja ankafuna kudziwa ngati ndinu munthu woti mawa n'kumukhulupirira ndi katundu wa ngongole.

WageniWaKuLimbe
Zikomo kwambiri, achemwali. Koma shuga yekha akanalakwa chiyani? Tiyiyo anali wonunkhira bwino, sindikana, koma m'kamwa mwanga munali ngati ndamwa madzi a masamba a mtengo.

MwanaWaMulanje
Anali madzi a masamba a mtengo ndithu, achimwene, ndipo wathunso ndi yemweyo. Ine ndinakulira pa esiteti ku Mulanje, mayi anga akuthyola tiyi dengu lili kumsana, ndipo ineyo ndinagwirako ntchito m'fakitale. Mtengo wake ndi umodzi womwewo, umene akatswiri amautcha Camellia sinensis, ndipo mawu achiwiriwo amatanthauza kuti wa ku China. Kusiyana kuli m'kakonzedwe. Wathu timaufotetsa, makina n'kuwudula tizidutswa ting'onoting'ono, kenaka timausiya kuti ude tisanauumitse. Tiyi wotero amatuluka msanga, amakhala waukali, ndipo amachita kufuna mkaka ndi shuga kuti atsike bwino. Iwo masamba amawasiya athunthu, ndipo chimene amafuna kumva ndi kusiyana kwa phiri ili ndi phiri lija, kapena kwa masamba othyoledwa sabata ino ndi a sabata yamawa. Mukathiramo masupuni atatu a shuga mwafafaniza zonsezo, monga munthu amene waphikiridwa chambo chatsopano iye n'kuchikwirira ndi tsabola. Funso langa kwa achemwali a ku Xiamen ndi ili: kodi n'zoona kuti tiyi amene ife timati wakuda iwo amati wofiira?

WophunziraWaKuXiamen
N'zoona, achimwene. Amati hong cha, tiyi wofiira, chifukwa iwo amayang'ana mtundu wa madzi m'kapu, osati wa masamba ouma. Mitundu ikuluikulu amaiwerenga isanu ndi umodzi: wobiriwira, woyera, wachikasu, oolong (wapakati pa wobiriwira ndi wofiira), wofiira, ndi wakuda weniweni amene amasungidwa zaka kuti akhwime. Wobiriwira ndiye amamwedwa kwambiri m'dziko lonse, ndipo wotchuka ndi Longjing wa ku Hangzhou, amene amakazingidwa ndi manja m'chiwaya chotentha atangothyoledwa kuti asade. Longjing wothyoledwa lisanafike tsiku lokumbukira makolo amene anamwalira lotchedwa Qingming, kumayambiriro kwa April, ndiye amakhala wodula koposa. Kuno ku Fujian anthu amanyadira Tieguanyin wa ku Anxi ndi Da Hong Pao wa m'mapiri a Wuyi, ndipo munthu wa kuno ukamuuza kuti tiyi wa ku Hangzhou amaposa wa kwawo, wayamba mkangano wofanana ndi wa Bullets ndi Wanderers.

Kadziwotche
Tisakokomeze zinthu. Ine ndapitako ku Guangzhou kasanu, ndipo achinyamata amene ndimawaona m'misewu amanyamula makapu akuluakulu apulasitiki a tiyi wamkaka wa shuga wambiri, wokhala ndi timibulu tachinangwa pansi, ena khofi. Miyambo ya timakapuyi ndi ya mabwana okalamba ndi ya alendo odzaona malo. Tikuyamikira chinthu chimene eni ake akuchisiya.

GogoMphunzitsi
Mwanawe Kadziwotche, zimene waonazo n'zoona, koma chigamulo chako wachithamangira. Ndinaphunzitsa mbiri ya dziko zaka zambiri, ndipo chimene ndinaphunzira pa nkhani ya tiyi n'chakuti kamwedwe kake ku China kasintha kangapo konse, iye mwini osachoka pamalo pake.

Iwo amasimba kuti anatulukira tiyi ndi Shennong, mfumu ya m'nthano imene masamba anaigwera m'madzi owira m'chaka cha 2737 Yesu asanabadwe. Imeneyo ndi nthano, ndipo tiisiye ngati nthano. Chodalirika n'chakuti akatswiri ofukula zakale anapeza masamba a tiyi m'manda a mfumu Jing ya ufumu wa Han, pafupi ndi Xi'an, imene inamwalira m'chaka cha 141 Yesu asanabadwe. Kalelo tiyi ankamuphika ngati msuzi, akumasakaniza ndi anyezi, jinja ndi makoko a malalanje. M'nthawi ya ufumu wa Tang, cha m'ma 760, munthu wina dzina lake Lu Yu, mwana wamasiye amene analeredwa ndi amonke achibuda, analemba buku lotchedwa Cha Jing, lofotokoza kalimidwe, kathyoledwe, ziwiya ndi madzi oyenera. Iye anati madzi a kasupe wa m'phiri ndiwo abwino koposa, a mumtsinje ndi apakati, a pachitsime ndi otsika, ndipo tiyi wosakaniza ndi anyezi uja anamufanizira ndi madzi a m'ngalande. Komabe iye mwini ankathiramo kamchere, chinthu chimene bwana wa ku Foshan uja sangachite lero.

Mu ufumu wa Song anayamba kupera tiyi kukhala ufa n'kumamutakasa ndi kamthiko kansungwi mpaka atuluke thovu, ndipo ankapikisana kuti thovu la yani likhalitsa. Mfumu Huizong inafika polemba yokha buku la tiyi m'chaka cha 1107. Kamwedwe kameneko kanawolokera ku Japan ndi amonke, ndipo kumeneko kakadalipo, pamene ku China komweko kanazilala. Kenaka m'chaka cha 1391 mfumu yoyamba ya ufumu wa Ming, imene inakulira mu umphawi, inalamula kuti tiyi wa msonkho wa kunyumba yachifumu asamaumbidwenso ngati zigumu, ntchito imene inkazunza alimi, koma azibwera ali masamba. Kuchokera pamenepo kuviika masamba m'tipoti kunafala, ndipo timatipoti tadothi la ku Yixing, monga kamene anaona mnzathuyu, tinatchuka pambuyo pake. Tsono ngati adzukulu awo lero akuthiramo mkaka ndi timibulu, kumeneko ndi kusintha kwina pa mndandanda wautali. Ukafuna kudziwa ngati mwambo wafa, usaufune m'misewu. Ukaufune pa ukwati, pa maliro, ndi pamene munthu walakwira mnzake.

MlongoWaKuJoni
Agogo anena zoona pa za ukwati, ndipo ine ndinaona ndi maso anga. Ndimagwira ntchito ku Johannesburg ndi mtsikana wina amene makolo ake anachokera ku Guangdong, wobadwira konkuno, wokonda khofi kuposa ine, ndipo Chitchaina chake n'chopunduka. Koma tsiku la ukwati wake, m'mawa phwando lisanayambe, iye ndi mwamuna wake anagwada pa mapilo ofiira pamaso pa makolo. Mayi wina wachibale ankawapatsira timakapu pa thireyi, ndipo m'tiyimo munali zipatso zofiira zouma ndi njere za duwa la m'madzi lotchedwa lotus, zimene anandiuza kuti n'zowafunira ana msanga. Mtsikanayo anapereka kapu ndi manja awiri kwa apongozi ake aamuna n'kunena kuti, "Atate, imwani tiyi." Aka kanali koyamba kuwatchula kuti atate, pakuti kufikira tsikulo ankawatchula ngati munthu wamkulu wina aliyense. Mkuluyo atamwa anam'patsa envelopu yofiira ya ndalama, ndipo apongozi aakazi anamuveka zibangili zagolide. Anapitiriza choncho kwa amalume ndi azakhali onse, kuyambira wamkulu kutsikira kwa wamng'ono, popanda kudumpha ngakhale mmodzi. Ndinafunsa kuti kholo litakana kumwa zingatani, ndipo anandiyang'ana ngati ndatchula za maliro, chifukwa kukana kapu imeneyo ndi kukana mtengwa pamaso pa mtundu wonse. Ine zinandikumbutsa chinkhoswe cha kwathu, pamene ankhoswe amasinthana tambala ndi msoti: chikalata cha boma chili apo, koma mabanja awiri amalumikizana pa kanthu kakang'ono kogwirika ndi manja.

GogoMphunzitsi
Ndiwonjezere pang'ono pa mawu a mwana wangayu. M'madera ambiri a ku China tiyi ankakhala m'gulu la mphatso za chitomero, ndipo kunena kuti mtsikana wamwa tiyi wa banja lakuti kunkatanthauza kuti watomeredwa. Chifukwa chimene ankapereka n'chakuti mtengo wa tiyi, mwa chikhulupiriro chawo chakale, sulola kuwokeredwa, umakhazikika pamene mbewu yake inagwera.

MwanaWaMulanje
Agogo, pamenepo akale awo anaphonya. Ife mbande za tiyi timazichotsa ku nazale n'kukaziwokera kumunda chaka ndi chaka, ndipo zimagwira bwinobwino.

WaKuUlongwe
Ndiloleni ndipatuke pang'ono, ngakhale ndikadali pa tiyi yemweyu. Ife a ku Angónia tikamalankhula Chichewa ndi abale a ku Dedza timamva akuti tiyi, koma kusukulu ndi kusitolo, m'Chipwitikizi, timati chá. Anzathu olankhula Chiswahili amati chai. Kodi mayina onsewa akuchokera kumodzi?

WophunziraWaKuXiamen
Onsewa akuchokera ku China, bambo, ndipo kalembedwe kake m'Chitchaina n'kamodzi, koma katchulidwe kamasiyana ndi dera. M'madera ambiri amati cha. Apwitikizi anatenga katchulidwe kameneko ku Macau, kumene anakhazikika m'zaka za m'ma 1550, ndipo amalonda a pamtunda anakafikitsa mawu omwewo kwa Aperezi, Aarabu, Amwenye ndi anthu a ku Russia, mpaka anasanduka chai. Koma kuno kum'mwera kwa Fujian, m'chilankhulo cha Hokkien, amati te, ndipo ndimamva mawuwa tsiku lililonse kwa agogo a nyumba yoyandikana ndi yanga. Amalonda achidatchi, amene anayamba kutengera tiyi ku Ulaya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1600, ankagula kwa anthu olankhula Hokkien, ndipo mawuwo anadutsa mwa iwo kupita kwa Angelezi, kenaka kwa ife. Choncho malire a Dedza ndi Angónia ndi pamene njira ziwiri za mawu amodzi zinakumanirana.

MsilikaliWopuma
Popeza mwatchula Angelezi, tisaiwale kuti masamba amenewa anakhetsa magazi. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, dziko la Britain linali litazolowera tiyi kotero kuti siliva wake ankathera ku China, pakuti Matchaina sankafuna kwenikweni katundu wa ku Ulaya. Njira imene Angelezi anapeza inali yogulitsa ku China mankhwala ozunguza bongo a opium, olimidwa ku India pansi pa kampani yawo yamalonda ya East India Company. Nduna ya mfumu ya ku China, Lin Zexu, inalanda ndi kuwononga mabokosi oposa 20,000 a mankhwalawo ku Humen m'chaka cha 1839, ndipo nkhondo inabuka. China inagonja, pangano la Nanjing linasainidwa mu 1842, ndipo chilumba cha Hong Kong chinapita m'manja mwa Britain mpaka 1997. Patangopita zaka zochepa, mu 1848, kampani yomweyo inatuma Robert Fortune, katswiri wa zomera wa ku Scotland, amene analowa m'madera a tiyi atavala ngati Mtchaina, n'kutulutsa mbande, mbewu ndi akatswiri okonza tiyi kupita nawo ku India. Minda ya ku India ndi ku Ceylon (lero Sri Lanka) itakula, malonda a tiyi wa ku China kunja anagwa. Minda ya ku Mulanje ndi ku Thyolo, imene azungu anayamba kutsegula kumapeto kwa zaka zomwezo za m'ma 1800 ndi pambuyo pake, ndi nthambi ya nkhani yomweyi. Mwana wa sukulu aliyense ku China amaphunzira za nkhondo imeneyi, ndipo ine ndikuganiza kuti kunyadira kwawo tiyi kuli ndi chipsera mkati.

NamwinoWaKuZomba
Mbiriyi ndi yofunika, koma tamusiya mnzathu uja ali chiimire ndi funso lake. Iye akufuna kudziwa kuti akadzabwereranso adzachite chiyani patebulo lija.

WophunziraWaKuXiamen
Zoona, mayi. Zofunika si zambiri. Akakuthirirani tiyi, pindani zala ziwiri n'kugogoda patebulo pang'onopang'ono kawiri kapena katatu, ndipo kumeneko ndiko kuthokoza, makamaka ku Guangdong, popanda kudula nkhani imene ikukambidwa. Amasimba kuti mfumu Qianlong, imene inalamulira kuyambira 1735 mpaka 1796, inkayenda mobisa kum'mwera ndipo tsiku lina inathirira tiyi mtumiki wake. Mtumikiyo sakanagwada popanda kuulula mbuye wake, choncho anagwaditsa zala m'malo mwa mawondo. Kaya zinachitikadi kaya ayi, aliyense kumeneko amaidziwa nthanoyi. Musameze tiyi yense kamodzi ngati mankhwala. Yambani mwamununkhiza, imwani pang'onopang'ono, ndipo nenani kanthu za fungo lake, chifukwa mwini nyumba amakhala akudikira mawu amenewo. Mukakhuta, siyani kapu ili ndi tiyi, pakuti kapu yopanda kanthu imapempha wina. Mukakhala kumalo odyera ndipo tipoti ili pafupi ndi inu, yambani mwathirira akuluakulu, inu mumalizire. Ku Guangzhou ndi ku Hong Kong kudya kwa m'mawa ndi banja amakutcha yum cha, kutanthauza kumwa tiyi, ngakhale patebulo padzaze timadengu ta zakudya, ndipo madzi akatha m'tipoti simuitana woperekera ayi, mumangotsegula chivundikiro n'kuchisiya chopendekera.

InjiniyaWaKuChengdu
Ndikufuna kutsutsako pang'ono, kuopa kuti owerenga angaganize kuti dziko lonse la China limamwa tiyi mwa timakapu ndi malamulo ambirimbiri. Ine ndinaphunzira ku Chengdu, m'chigawo cha Sichuan, ndipo kumeneko tiyi ndi wa aliyense. Mu People's Park muli nyumba ya tiyi yotchedwa Heming, yomwe yakhalapo zaka zoposa 100. Mipando yake ndi yansungwi, yolira ukakhalapo, ndipo anthu amadzaza pansi pa mitengo m'mbali mwa dziwe. Umalipira masamba kamodzi kokha, madzi otentha amangobwerabe mpaka madzulo. Tiyi amabwera m'kambale kotchedwa gaiwan, kokhala ndi chivundikiro ndi kambale kena kapansi, ndipo amati chivundikiro ndi kumwamba, kapansi ndi dziko, kapakati ndi munthu. Chivundikirocho umakankhira nacho masamba pomwa. Okalamba amasewera mahjong, masewera apatebulo a timatailosi tolembedwa zizindikiro, ena amagona pampando nyuzipepala ili kumaso, ndipo pamadutsa anthu amene ntchito yawo ndi kuchotsa phula m'makutu mwa makasitomala, akuliza timazitsulo tawo poitanira malonda. Palibe amene amakuthamangitsa.

Chimene chinandigwira mtima n'chakuti kale nyumba zoterezi zinkagwiranso ntchito ya bwalo. Anthu awiri akayambana pa za ngongole kapena malire, m'malo mopita kwa woweruza wa boma ankaitana munthu wolemekezeka kunyumba ya tiyi, aliyense n'kubwera ndi anthu ake, ndipo wopezeka wolakwa ankalipira tiyi wa onse amene anasonkhana. Mpaka lero kuthirira munthu tiyi ndi manja awiri pamaso pa anthu ndi njira yopepesera, ndipo wolakwiridwayo akamwa ndiye kuti mlandu watha. Wophunzira luso, kaya la nkhonya kaya la zisudzo, amaperekanso tiyi kwa mphunzitsi wake tsiku lomulandira. Ndipo mayi wamba ali ndi mndandanda wake wa zinthu zisanu ndi ziwiri zofunika pakhomo kukacha: nkhuni, mpunga, mafuta, mchere, msuzi wa soya, viniga ndi tiyi. Woyendetsa basi amene ndinkakwera tsiku lililonse anali ndi botolo lagalasi la masamba obiriwira pambali pa chiwongolero, akumangowonjezeramo madzi tsiku lonse, ndipo iyeyo sankadziwa za timakapu ta ku Chaozhou kuposa mmene ife tikudziwira.

Kadziwotche
Chabwino, ndavomera kuti mwambo sunafe. Koma popeza aliyense akuyamika, ine ndinene mbali inayo. Ulendo wanga wachiwiri ndinafika ku Shanghai, ndipo atsikana awiri olankhula Chingelezi chabwino anandipeza mumsewu wa masitolo n'kundiitanira kukaona mwambo wa tiyi. Tinalowa m'kachipinda kena pamwamba pa sitolo, tinalawa mitundu isanu ndi umodzi, kenaka inabwera bilu yokwana ndalama zimene ndikanagonera kuhotela masiku atatu, pakhomo pataima mwamuna wa thupi lake. Ndinalipira. Ulemu womwewo umene mukuutamawu ndi umene akuba amakolera nawo alendo.

MsilikaliWopuma
Pali chinanso chimene ndinamva kwa mnzanga amene anakachita maphunziro kumeneko. Munthu akanena kuti waitanidwa kukamwa tiyi, nthawi zina amatanthauza kuti apolisi a zachitetezo amuitana kukamufunsa ndi kumuchenjeza pa zimene analemba kapena kulankhula. Alinso ndi mwambi wowawa wakuti munthu akachoka tiyi amazizira, wonena za bwana amene wachoka pa udindo n'kupeza kuti amene ankamugwadira dzulo sakumudziwanso. Ife opuma pantchito mwambi umenewu sitifuna womasulira.

WophunziraWaKuXiamen
Zonsezi n'zoona, ndipo ndingawonjezere kuti tiyi wodula amagwiritsidwanso ntchito ngati mphatso yogulira mtima wa akuluakulu, chifukwa bokosi la masamba silioneka ngati chiphuphu. Panalinso nthawi imene anthu ankagula tiyi wa pu'er, wa mtundu wosungidwa zaka uja, ngati golide, akuyembekeza kuti mtengo uzingokwera, mpaka msika unagwa mu 2007 ndipo ambiri analira. Koma achimwene a Kadziwotche, wakuba amabera pa chinthu chimene anthu amachilemekeza, monga amene amabera anthu m'dzina la mapemphero. Boma lawo nalonso limaudziwa mtengo wa chinthuchi. Mu November 2022 bungwe la UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, linaika luso la makolo lokonza tiyi ku China, pamodzi ndi miyambo yake, pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo mu 2023 nkhalango zakale za tiyi za pa phiri la Jingmai ku Yunnan zinalowa pa mndandanda wa malo otetezedwa a dziko lonse.

WageniWaKuLimbe
Ndawerenga zonse, ndipo manyazi andigwira. Pali chinthu china chimene sindinanene poyamba. Potsanzikana, bwana uja anandipatsa chinthu chobulungira chophwatalala ngati chigumu, cholimba, chokulungidwa m'pepala lopyapyala. Nditafika kunyumba tinachinunkhiza ndi mayi a kunyumba, tinamva fungo ngati la dothi lonyowa ndi mvula yoyamba, ndipo tinachiponya pamwamba pa kabati poganiza kuti chinaonongeka m'njira. Papepalapo pali nambala yakuti 357g. Kodi chimenechi n'chiyani?

WophunziraWaKuXiamen
Bambo, chitsitseni pakabatipo msanga, koma musachiike m'firiji kapena pafupi ndi sopo ndi usipa, chifukwa chimakoka fungo. Ameneyo ndi pu'er wa ku Yunnan, ndipo magalamu 357 ndiwo muyeso wake wa nthawi zonse. Zigumu zotero amazimanga zisanu ndi ziwiri m'makoko a nsungwi. Tiyi woumbidwa chonchi ndi amene ankanyamulidwa pa nyulu ndi pamsana pa anthu kudutsa m'mapiri kupita ku Tibet, kumene ankasinthanitsidwa ndi akavalo. Fungo la dothilo ndi lake, ndipo akasungidwa pouma podutsa mpweya amakoma kwambiri zaka zikamapita. Benthulani kachidutswa kolemera ngati magalamu asanu ndi kampeni kosathwa, kulowetsa cham'mbali kuti masamba asaphwanyike. Thirani madzi owira, tayani oyambawo monga anachitira mwini wake, kenaka viikani masekondi khumi kapena makumi awiri okha. Munthu amene munamuuza kuti simunabwerere tiyi anakupatsanibe tiyi woti mukasunge zaka, ndiye sindikuganiza kuti anakutayani.

WageniWaKuLimbe
Tayesa usiku wathawu. Ine ndinamwa wopanda kanthu mpaka ulendo wachinayi, ndipo wachitatu ndiye unandikomera. Mayi a kunyumba analawa kamodzi n'kukatenga mkaka ndi shuga.

InjiniyaWaKuChengdu
Musawadzudzule mayiwo. Anthu a ku Tibet amathiramo batala ndi mchere, a ku Inner Mongolia amathiramo mkaka ndi mchere, ndipo ku Hong Kong tiyi wamkaka waukali ndi chakumwa cha tsiku ndi tsiku. Ali ndi anzawo ambiri kumeneko.

WageniWaKuLimbe
Ndibwereranso ku Foshan mu August. Ndikuganiza zomutengera bwanayo tiyi wa ku Thyolo, koma ndikuopa kuti zingakhale ngati kupititsa nsomba ku Mangochi. Kodi n'koyenera?

MwanaWaMulanje
Mutengereni, koma musagule wafumbi wa m'timapaketi ta pa okala. Ku Thyolo kuli esiteti imene imakonza tiyi wa masamba athunthu, wobiriwira, woyera ndi oolong yemwe, ndipo ameneyo ndiye angathe kumuika m'katipoti kake n'kumuweruza mwa njira yake. Mukajambulenso minda ndi phiri pa foni, chifukwa adzafunsa kuti masambawo anamera pati.

WophunziraWaKuXiamen
Ndikugwirizana nawo achimwenewa. Mabokosi akhale awiri, kapena asanu ndi limodzi, kapena asanu ndi atatu, koma asakhale anayi, chifukwa m'Chitchaina mawu akuti zinayi amamveka ngati mawu akuti imfa. Musakulunge m'pepala loyera kapena lakuda, lofiira ndiye labwino. Mukapereke ndi manja awiri, ndipo akakana kamodzi kapena kawiri musabweze m'chikwama, muumirire ndithu. Akalandira n'kuika pambali osatsegula, musadandaule, ndi mmene amachitira. Tsiku limenelo musapangane ndi munthu wina aliyense m'mawa wonse.